Mpando wa Pikapu ya Gilson

"Ndati muusoke, alamu. Kapena ndikulankhula chizungu?"

A Luckson anauponya mpandowo pakhonde, fumbi n'kuti koboo. Unali mpando wa pikapu ya mkulu wawo, malemu Gilson, uja wautali wokhalapo anthu atatu. Anali atangoumasula kumene ndi sipanala, galimotoyo itaima pansi pa mtengo wa mapeyala pabwalo. Sheila, mkazi wa malemuyo, anaima pakhomo, mpango wakuda uli kumutu. Chiikireni mwamuna wake panali patangopita masabata awiri.

"Ndiusokerenji mpando wa galimoto yosayenda?" anafunsa Sheila. "Makiyi munatenga tsiku la maliro, munati mukatute nkhuni za pasiwa. Nkhunizo simunathebe kututa?"

"Wamva, Luckson? Pakamwa pomwepa ndi pamene panamutha mlongo wanga," anatero a Loveness, mlongo wake wamkulu wa Gilson. Anali atakhala pabenchi, akusenda nthochi imene anaitenga m'nyumba momwemo.

"Tisazungulire," anatero a Luckson. "Galimoto yapeza wogula, a Charles a ku Liwonde, aja ogula mpunga. Injini aikonda. Matayala awakonda. Chawabweza ndi ichi."

Analoza ndi nsonga ya nsapato banga lakuda limene linali pakati pa mpandowo. Sheila sanafunikire kuyang'ana. Gilson anasanzira magazi pamenepo pa ulendo womaliza wa kuchipatala, Sheila akuyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo litagwira mutu wa mwamuna wake. Anachapapo ndi sopo, anakwechapo ndi phulusa ndi mandimu, koma chikopa cha mpandowo chinali chong'ambikang'ambika kale, magazi analowerera mpaka m'siponji.

"Mugulitse? Nanga ife tidya chiyani, alamu? Miyezi isanu ndi itatu imene akulu anu anagona, ankakwera phiri la Zomba ndani? Ndinaphunzira chiwongolero ndili ndi imvi, laisensi ndinatenga. Amayi a ku Chawe mpaka lero akundidikira pamsewu ndi mbatata zawo, masitiroberi awo, mitolo yawo ya nkhuni. Galimotoyi ndi munda wathu. Peace ali Folomu 3. Mukaichotsa pano mwamutulutsa sukulu mwana wa mkulu wanu."

"Bulubuku lalembedwa dzina la ndani?" A Luckson anagunda thumba la malaya m'mene munali kabuku kosonyeza mwini galimoto. "Gilson Namaona. Inu ndinu Namaona wa ukwati, ife ndife a mimba imodzi. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Ndipo kwathu mwana ndi wa kuchikazi," anawonjeza a Loveness. "Peace ali ndi amalume ake, amuone ndi iwowo. Chuma cha mwamuna chimabwerera kumene anabadwira. Tinamulera ndife. Pamene ankadya matope ku Phalombe inu munali kuti?"

"Ndiye dikirani tsiku losudzula. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi, anene okha."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. A Charles sadikira sudzulo."

Sheila anaona kuti kulira sikumuthandiza, ndiye anayesa njira ina.

"Makina angawa ndi osokera mayunifolomu a ana asukulu. Chikopa sabowola, singano imathyoka. Pitani nawo kwa a Ralph ku Chikanda, mipando ndi ntchito yawo."

"A Ralph amadula ngati akusokera nduna."

"Gulani nsalu ndi siponji, tsono."

"M'nyumba monsemu mulibe nsalu yolimba? Fufuzani. Siponji mudule matilesi. Mukugona nokha tsopano, theka likukwanani."

A Loveness anaseka mpaka kutsamwa nthochi. Atatsokomola anapukuta pakamwa ndi chitenje.

"Ndipo makinawo anagula ndi Gilson, musaiwale. Mukavuta tinyamula ndi omwewo, tione ngati mungasoke ndi mano."

M'mawa mwake Sheila anatsika wapansi kuchoka ku Chikamveka kupita m'tauni. Anayamba wafika pa ofesi ina imene anamva pawailesi kuti imathandiza amayi amasiye. Mtsikana wa pamenepo anamulandira bwino, namulembera pakapepala zofunika kubweretsa: kalata ya imfa, kalata ya ukwati, ndi bulubuku. Sheila anayang'ana mawu omalizawo, napinda kapepalako, nathokoza. Kenako anapita ku Chikanda kwa mchimwene wake Raymond, amene analinso nkhoswe ya ukwati wake. Anamupeza akupopa njinga.

"Achimwene, akundilanda galimoto masana dzuwa likuswa mtengo."

"Ndamva, chemwali. Koma nkhani ngati imeneyi ine ndekha sindingaithe. Mutu umodzi susenza denga. Afunika amalume athu abwere kuchokera kumudzi."

"Abwera liti?"

"Akuti akamaliza kubzala."

"Mvula yake sinayambe n'komwe!"

"Usandikalipire ine, sindine ndatenga makiyi." Raymond anasiya pompi, nakanda m'mutu. "Tamvera. Mpando uli kwa iwe, eti? Galimoto yopanda mpando ipita bwanji ku Liwonde? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Uzisoka, koma uzisoka ngati nkhono. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

"Khosi lake likhalapo?"

Pobwerera anadzera pa shedi ya a Ralph, mkulu wosoka mipando ya galimoto ndi masofa kuseri kwa msika. Mkuluyo ankamudziwa Gilson. Anamvetsera nkhani yonse misomali ili kukamwa, kenako anailavulira m'dzanja.

"Za m'banja mwanu sindilowako, amake Peace. Za mpando ndikuuzani. Chikopa chakalecho musaching'ambe ndi mkwiyo. Mumasule msoko uliwonse ndi lezala, bwinobwino, chifukwa chidutswa chilichonse ndi muyeso wa chatsopano. Muchiyale pansalu, mulembe ndi choko, musiye chala chimodzi cha msoko. Sipuling'i yothyoka mumange ndi waya. Pamwamba pa masipuling'i muyale chiguduli, apo ayi adya siponji. Ndipo siponji musadule ndi sizasi, mudule ndi mpeni wa buledi."

"Nanga nsalu? Makina anga chikopa sangathe."

"Ikhale yolimba, ya mtundu wa ovolosi kapena chijasi. Chitenje ayi. Dalaivala akakwera ndi kutsika sabata imodzi, chitenje chatha."

Anamubwereka pulayala ndi singano yokhota, nabwezera misomali kukamwa.

Sheila anayamba ntchitoyo pakhonde, monga nkhono, momwe mchimwene wake ananenera. Tsiku loyamba anangochotsa tiwaya timene tinagwira chikopa kuchitsulo. Tsiku lachiwiri anamasula misoko iwiri. M'mphako za mpandowo munatuluka makoko a mtedza, zitsekerero za mabotolo, chipeso chothyoka, ndi kachiphaso ka kuchipatala kamene anakafuna mwezi wathunthu osakapeza. Mbali ya dalaivala siponji inali itaphwa, italowa m'kati molingana ndi thupi la Gilson. Anaikapo dzanja kanthawi, kenako anaizula yonse, naitentha kudzala pamodzi ndi banga lija.

Amayi awiri a kuphiri anafika tsiku lina atasenza madengu, thukuta lili kamukamu.

"Amake Peace, masitiroberi akutiwolera. Tadikira, tadikira. Muyamba liti?"

"Posachedwa."

"Pali mnyamata wa ku Matawale wabwera ndi kalole, akuti tizikwera kwa iye. Ife tati tidikire kaye inu. Koma njala ilibe chisoni, amayi."

"Ndipatseni masabata awiri," anatero Sheila, osadziwa kuti masabata awiriwo awatenga kuti.

A Luckson ndi a Loveness anabwera patatha masiku khumi. Anapeza mpando uli mafupa okhaokha, chitsulo ndi masipuling'i, zidutswa za chikopa zitasanjidwa pamkeka.

"Ichi n'chiyani? Masiku onsewa mwaphwasula basi?"

"Ntchito yake imatero, alamu. Kafunseni a Ralph."

"Mukundiyesa mwana? A Charles akubwera Loweruka lino ndi dalaivala wawo."

A Loveness analowa m'nyumba osaodira, nakaima pa makina osokera. Anawavundukula, napukusa gudumu lake ndi chala, nayesa kulemera kwake ndi manja awiri. Sheila ankaona zonsezo ali pakhomo.

"Siolemera kwenikweni," anatero a Loveness potuluka. "Munthu mmodzi akhoza kusenza."

"Loweruka," anabwereza a Luckson. "Ndipo nsalu ikhale yolimba. Musandichititse manyazi pamaso pa anthu."

Atapita, Sheila anatuma uthenga kwa Raymond. Yankho linabwera lakuti amalume adwala mwendo. Sheila anakhala pansi pakhonde mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anadzuka, nalowa kuchipinda, nakwera pampando, natsitsa phukusi limene linali pamwamba pa kabati.

M'phukusimo munali zovala za Gilson. Analimanga ndi amayi akuluakulu tsiku la maliro, mfundo zitatu, nalamula kuti lisamasulidwe kufikira tsiku losudzula, pamene zovalazo zidzachapidwe ndi kugawidwa kwa abale. Kufikira tsikulo, zovala za wakufa ndi wakufa yemwe. Palibe amazivala, palibe amazikhalira.

Peace anafika kuchokera kusukulu mayi ake ali pa mfundo yachiwiri.

"Amayi! Mukutani? Agogo aja anati chiyani?"

"Ndinamva zimene ananena. Tseka chitseko."

"Mudwala, amayi. Kapena ndidwala ndine."

"Ukasiya sukulu ndiye suli kudwala? Ukakwatiwa ndi wamakala chaka chamawa ndiye uli bwino?" Mfundo yachitatu inamasuka. Sheila anatulutsa maovolosi awiri abuluu ndi chijasi chachikulu chobiriwira, cha mabatani achitsulo. Gilson ankachivala m'mawa uliwonse pokwera phiri, chifunga chikakuta msewu. Munthu aliyense wa pamsika wa Zomba ankachidziwa. "Bambo ako aang'ono akufuna nsalu yolimba ya m'nyumba muno. Yolimba kuposa iyi mulibe."

Peace anayang'ana chijasicho, nayang'ana mayi ake. Anali mwana wochenjera, sanachedwe kumva.

"Sakhalapo," anatero motsitsa mawu.

"Sakhalapo iwo, sakhalapo wogula wawo. Ine ndikhalapo. Bambo ako ndakhala nawo zaka makumi awiri, andiopsa lero?"

"Nanga anthu akati chiyani?"

"Anthu anena kale zambiri, sindinaone ndi mmodzi yemwe atabweretsa ufa. Phukusi la moyo umasunga wekha. Ndipatse sizasi."

Peace sanamupatse. Anakhala pabedi atakumbatira chijasicho, nkhope ataikwirira m'kolala, mmene munali mukadali fungo la dizilo ndi fodya. Mayi ake anamusiya alire. Atatha, anapukuta maso, napereka yekha chijasicho.

Unkhono unathera pomwepo. Lachinayi m'mawa Sheila anakokera matilesi pabwalo, nalemba mzere pakati, nacheka ndi mpeni wa buledi. Theka analibwezera pabedi. Masipuling'i atatu othyoka anawamanga ndi waya, nayala chiguduli, nasokerera m'mbali ndi singano yokhota ija. Maovolosi anawamasula miyendo, nawayala pansi, naikapo zidutswa zakale zija chimodzichimodzi, choko chikuyenda. Amenewo anakhala pokhalira. Chijasi anachisungira potsamira, ndipo pamenepo sanatsate muyeso wa a Ralph ndendende. Sanachotse mabatani. Sanachotse matumba. Kutsogolo kwa chijasicho anakuika mbali ya dalaivala, kolala ili pamwamba pamene pamafika khosi, mabatani asanu ndi limodzi akutsika pakati, thumba uku thumba uku. Msana wake unakuta mbali ya okwera. Mikono anaing'amba m'litali, naikulunga pachingwe, ikhale mkombero wa m'mbali.

Makina analira masiku awiri. Singano zinathyoka zinayi. Pokoka nsalu kuti igwire kuchitsulo, waya anamucheka chala chachikulu, anangomangapo kansanza n'kupitiriza. Lachisanu madzulo mpando unatha, wokungika bwino, wopanda khwinya. Sheila anaukuta ndi nsalu ya pabedi, namanga ndi chingwe. Kenako anamasula mutu wa makina pathebulo lake, naukulunga m'chitenje ngati mwana, nakausiya kwa mayi Zuleka a nyumba yoyandikana nayo.

Loweruka a Luckson anafika atavala taye, a Loveness ali pambuyo. A Charles anabwera ndi dalaivala wawo, munthu wamfupi wa chipewa. Anthu oyandikana nawo anayamba kutuluka, wina ngati akusesa, wina ngati akuyanika zovala.

"Mwakutiranji?" anafunsa a Luckson.

"Manja anu a girisi angadetse. Mangani kaye, muvundukula pambuyo."

"Mwaona? Mukafuna mumaganiza bwino."

Ananyamula mpandowo ndi dalaivala uja, naulowetsa, namanga mabawuti onse anayi. A Luckson anadinikiza ndi chibakera pamwamba pa nsalu ya pabediyo, namwetulira.

"Bwana Charles, mumati mpando. Bwerani muone."

Anamasula chingwe, nakoka nsalu ija ndi dzanja limodzi monga amachitira akuluakulu potsegulira nyumba yatsopano.

M'galimotomo munali ngati mwakhala munthu wopanda mutu, chifuwa chili poyera, akudikira makiyi.

"Mayo ine!" anakuwa mayi Zuleka kumpanda. "Chijasi cha a Gilson icho!"

A Loveness anabwerera chafutambuyo, nagwira pakamwa. A Charles anasuzumira, naona mabatani, naona kolala. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo Namaona, chovala ichi ndi cha malemu?"

"Ndi nsalu chabe, bwana. Nsalu ndi nsalu."

"Ndafunsa ngati ndi cha malemu. Mwasudzula kale?"

"Tikukonza. Mwezi wamawa."

"Ndiye mukufuna ndikweze ana anga pamaliro osatha? Mayi awa ndi ndani?"

"Ndine mkazi wake," anayankha Sheila yekha. "Galimotoyi ndimayendetsa ndine. Ndi imene ikuphunzitsa mwana uyo."

A Charles anayang'ana Peace, nayang'ana a Luckson.

"Munandiuza kuti banja lonse lagwirizana."

"Lagwirizana, bwana, awa ndi mavuvu a akazi basi. Taonani, ine ndine mkulu wa mpingo, za mizimu sindiopa. Ndiliza injini mumve."

Anatulutsa makiyi. Anatsegula chitseko bwino, naponda mwendo umodzi m'kati. Mwendo winawo unakana kuchoka pansi. Anaima choncho, dzanja lili pachiwongolero, thukuta likutsikira m'taye.

"Khalani, alamu," anatero Sheila. "Si akulu anu? Tsamirani pachifuwa pawo, akuperekezeni ku Liwonde. Munjira muwafotokozere za Peace."

Kumpanda kunamveka kuseka, koyamba kobisa, kenako kosabisa. A Luckson anatulutsa mwendo uja.

"Iwe, tayesa ndiwe," anauza dalaivala wa chipewa.

"Ine ayi, bambo. Mkazi wanga ndi woyembekezera."

A Charles anali atafika kale pamsewu. Dalaivala anawathamangira. A Loveness ndi amene anapeza mawu.

"Mfiti! Wamasula phukusi! Anthu inu mwaona? Wamasula phukusi la mlongo wanga, wamudula nthulinthuli ndi sizasi! Ndinanena ine kuti anamudya ndi yemweyu!"

"Makiyi, alamu," anatero Sheila atatambasula dzanja. "Inu simungakhalepo. Ine ndingathe. Lolemba ndikwere phiri."

A Luckson anabwezera makiyi m'thumba, nachoka osatsanzika.

Tsiku limenelo amayi a m'dera anabwera kudzaona mpandowo, ena akugwira pakamwa, ena akuseka mpaka misozi. Peace anadya bwino koyamba chimwalirireni bambo ake. Koma mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lamulungu, mapemphero atatha, Raymond anafika panjinga. Sanakhale pansi.

"Wachita chiyani, Sheila?"

"Ndasoka mpando, monga munandiuzira."

"Ndinati usoke pang'onopang'ono, sindinati umasule phukusi! A Loveness ayenda ndi nkhaniyi mpingo wonse. Akuti wamangirira mzimu wa Gilson m'galimoto ndi mankhwala. Aimbira foni kumudzi. Amalume akuti iwo sangabwere kudzaimira munthu amene waswa mwambo ndi manja ake. Akuti ayamba ndi kupepesa kwa eni maliro, za galimoto zibwere pambuyo."

"Apepese kwa akuba?"

"Mlandu tinali nawo m'manja! Iwo ndi amene analakwa pogulitsa tisanasudzule. Tsopano wolakwa ndiwe. Wandidula miyendo, chemwali."

"Miyendo yake iti, achimwene? Masabata awiri ndakhala ndikuitana, sindinaione ikuyenda. Ndikanadikira inu, dzulo galimoto ikanagona ku Liwonde."

"Madzi akatayika sawoleka. Ine ndasamba m'manja."

"Munasamba kalekale. Pitani bwino."

Lachiwiri m'mawa, Peace akumanga nsapato kuti azipita kusukulu, a Luckson anafika opanda taye. Anali ndi a Loveness ndi amuna awiri aganyu amene anawatenga padepoti, anthu achilendo osamudziwa Gilson. Mmodzi anasenza kreti ya mabotolo yopanda kanthu.

"Masulani icho, muponye uko," analamula a Luckson, ataima patali.

Sheila anatuluka akuthamanga.

"Alamu, mukutani? A Charles anakana!"

"A Charles ndi okhawo ogula m'Malawi muno? Ndapeza wina ku Limbe, wophwasula magalimoto. Iye akufuna injini, giyabokosi ndi zitseko. Mpando alibe nawo ntchito."

"Muiphwasule? Galimoto yoyenda bwinobwino?"

"Mwaiipitsa ndinu. Zomba yense akuti ndi galimoto ya mzukwa, angaigule yathunthu ndani? Mtengo watsika ndi theka chifukwa cha nzeru zanuzo."

Aganyu aja anamasula mabawuti mwachangu. Anakoka mpandowo, nauponya pabwalo chagada, mabatani akuyang'ana kumwamba. M'malo mwake anaikamo kreti ija, nayalapo thumba. A Loveness analowa m'nyumba, napeza thebulo la makina lili lokha. Anatuluka akutukwana, atanyamula wailesi.

Sheila anagwada. Sanagwadirepo munthu chiyambire nkhaniyi, koma apa anagwada m'fumbi, nagwira mwendo wa buluku la a Luckson.

"Alamu, ndapota nanu. Ndalakwa, ndivomera pamaso pa aliyense amene mufuna. Ndimasula chijasicho lero lomwe, ndigula chikopa, ndipita kwa a Ralph. Isiyeni galimoto. Ndiziyendetsa ine, phindu tizigawana, inu muzitenga lalikulu. Chaka chimodzi chokha, mwanayu alembe Folomu 4. Chaona mnzako chapita, alamu. Nanunso muli ndi ana."

"Ana anga ali ndi amalume awo. Siyani buluku langa."

"Bambo aang'ono," anatero Peace, "munkabwera kuno kudzadya. Bambo ankakupatsani ya minibasi."

"Taona mwana wopanda mwambo. Watengera make," anatero a Loveness.

A Luckson anakhala pakreti. Anatsika kwambiri moti chibwano chinatsala pang'ono kugunda chiwongolero, koma miyendo inafika. Injini inalira kamodzi kokha, monga inkachitira masiku onse. A Loveness ndi aganyu aja anakwera kumbuyo.

Sheila anadzuka, nathamangira kutsogolo, nayala manja ake pa boneti.

"Mundiponde! Mundiponde mukaikenso wina!"

Anayang'ana kumpanda. Anthu analipo ambiri, kuposa Loweruka. Mayi Zuleka anali akulira. Bambo wina anayamba kuyenda, mkazi wake namukoka malaya: "Za m'banja izo." Palibe anadutsa mpandawo.

A Luckson sanapite kutsogolo. Anabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, Sheila nagwa chafufumimba. Galimoto inazungulira mtengo wa mapeyala, kreti ikutsetsereka, a Luckson akugwira chitseko kuti asagwe, nitulukira mbali ya kudzala, kuponda mbewu ya mpiru. Sheila anadzuka, naithamangira. Anagwira chitseko chakumbuyo, chinamukoka mapazi angapo, a Loveness namenya zala zake ndi wailesi ija. Anasiya.

Anaima pamsewu mpaka kulira kwa injini kunasakanikirana ndi kwa maminibasi a ku Blantyre. Mpango unali utagwa. Mabondo onse awiri ankatuluka magazi. Anthu anayamba kubwerera m'nyumba zawo mmodzimmodzi.

Kuphiri kunali kutada. Mvula yoyamba, imene anthu anaidikira mwezi wonse, inali ikutsika kuchokera ku Chawe, ikukuta mitengo ya paini mzere ndi mzere. Madontho akuluakulu anayamba kugwa pafumbi.

Sheila anabwerera pabwalo akutsimphina. Peace anali ataima pomwe paja, chikwama cha mabuku chili kumsana.

"Amayi, ndipite kusukulu?"

Sheila anawerama, nagwira mbali imodzi ya mpando uja. Madontho anali atayamba kuda pachifuwa cha chijasi.

"Gwira uko," anatero. "Bambo ako angavumbwe."